Nyumba Yolowa M'buku la Msonkho

Chaka chimenecho ndinataya izi: mkazi wanga. Nyumba ya zipinda zitatu imene tinaumbira njerwa limodzi. Kudzutsa mwana wanga m'mawa. Mitengo inayi ya mango, itatu yobereka kale. Moni wa anthu a mumsewu mwathu.

Woyambayo anatenga ndi Mulungu. Zotsalazo zinachoka m'masiku makumi anayi otsatira, ndipo zina ndinazitaya ndi dzanja langa.

Kwathu ndi kwa Kawinga, kufupi ndi Chiuta. Nditamaliza koleji ananditumiza kukaphunzitsa pa sekondale yoyendera kufupi ndi Ulongwe, ndipo kumeneko ndinakwatira. Ndinakhala pachikamwini. Malo anali a mbumba ya mkazi wanga, ine ndinangomangapo. Sizinandivute, poti bambo anga anakhala chimodzimodzi. Mkamwini aliyense amadziwa kuti mkazi akamwalira amamusudzula, iye n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Ndinkazidziwa monga mmene munthu amadziwira kuti adzakalamba, osaziganizira.

Pamene tinkamanga, kuseri kwathu kunali minda ya chimanga ndi nandolo basi. Kenako anabwera mphunzitsi wamkulu wina wopuma pantchito, n'kugula malo ndi ndalama za penshoni. Tonse tinkangowatchula kuti ahedi. Iwo anauza mnzawo, mnzawoyo anauza mlamu wake. Pasanathe zaka zisanu panali anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi, madalaivala a boma, onse opuma, aliyense ndi mpanda wake wa njerwa ndi geti lachitsulo. Malo anali otchipa, msewu wa tala uli pafupi, banki ndi chipatala ulendo wa minibasi imodzi. Makondakitala anayamba kuitanira kuti ku Penshoni, dzinalo n'kukhazikika. Mukachoka mwezi umodzi mumakapeza maziko atsopano pamene munasiya mphanje.

Mindayo ankagulitsa ndi eni mbumba, ndipo mmodzi mwa iwo anali amjomba a mkazi wanga, mlongo wa malemu apongozi anga. Sanali munthu woipa. Anagulitsa munda woyamba kuti adzukulu awiri amalize sukulu, wachiwiri anagulira njinga yamoto, wachitatu sindikudziwa. Chimene ndinkaona n'chakuti mipanda inkasendera kwathu.

Kenako a khonsolo analengeza kuti malowo afika pokhala tauni, choncho nyumba zonse zilembedwe m'buku ndipo eni ake azipereka msonkho chaka ndi chaka. Ahedi anaitanitsa msonkhano pakhonde pawo. Tinakhala pamipando yapulasitiki, ine wamng'ono pa onse.

"Zaka makumi atatu akhala akundidula ndalama ndisanaigwire n'komwe," anatero bambo wina wamkulu thupi amene anali wapolisi. "Lero ndapuma, akundilondola mpaka kumanda."

"Kumanda simunafike, bwana," anayankha mayi wina amene anali namwino. "Mimba imeneyo si ya munthu wopita."

Anthu anaseka, koma wapolisiyo sanasiye. "Mjigo tinakumba tokha. Mlatho wa pakhwawa tinakhoma tokha. Abweretse msewu kaye, ndiye tikambirane."

"Nanga msewuwo aubweretsa ndi chiyani ngati tonse tikukana?" anafunsa namwino uja.

"Amayi, inu munazolowera kubaya anthu jakisoni n'kumawauza kuti sizipweteka."

Anagwirizana kuti pasapezeke wolembetsa nyumba ngakhale mmodzi. Ahedi anati wolembetsa yekha wagulitsa anzake onse. Kalata yokanira anandipatsa ine kuti ndilembe, poti ndimaphunzitsa Chingerezi. Ndinailemba masiku awiri, ndipo ahedi ataiwerenga mokweza anthu anaomba m'manja. Ndinabwerera kunyumba ndikumva kukoma.

Mkazi wanga sanaombe m'manja. Iye ankasoka zovala pakhonde la golosale ina pa Ulongwe, ndipo pamakina osokera munthu amamva zambiri: ndani akufunsa mtengo wa malo, ndani wayamba kuyendera amjomba. Anati tipite tikalembetse nyumbayo m'dzina la mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi.

"Risiti ya msonkho si umwini wa malo," ndinamuuza, ndi mawu amene ndimalankhulira m'kalasi.

"Kaya ndi chiyani, bola likhale pepala," anatero. "Panopa tili ndi pepala lanji?"

Ndinati tidikire yankho la kalata ija. Anabwerezanso kawiri m'miyezi yotsatira, ine yankho lomwelo. Zoona zake ndinkaopa nkhope ya ahedi.

Anadwala masiku atatu okha. Anayamba ndi mutu, tikuyesa malungo wamba. Loweruka m'mawa analephera kuima, ndipo ahedi ndi amene anatulutsa pikiapu yawo n'kutithamangitsira kuchipatala. Lamulungu masana anamwalira. Tinaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Ahedi ndi Mkhristu, koma anaima nafe mpaka kumapeto, ndipo mawa lake anatumiza nkhuni ndi thumba la chimanga.

Patatha sabata ndi masiku awiri, ndikuchapa zovala za mwana kuseri, ndinaona amjomba ndi wapolisi uja akuyenda m'malire mwa malo athu. Ankawerenga mapazi kuchokera pamtengo wa mango wakumapeto kukafika pachimbudzi. Atandiona anandipatsa moni bwinobwino, n'kupitiriza kuwerenga. Wapolisiyo anagogoda khoma la nyumba ndi ndodo yake, ngati munthu woyesa chivwende.

Ndinapitiriza kuchapa. Mkamwini amene mkazi wake wamwalira alibe pakamwa pa nkhani ya malo. Ndinangowerenga masiku. Pa tsiku la makumi anayi pamakhala sadaka ya arobaini, ndipo ikatha sadakayo abale amakhala pansi n'kumusudzula mwamuna. Ndikadzachoka, nyumba idzagulitsidwa, ndalama idzagawidwa, mwana wanga adzakulira m'kanyumba kaudzu ka alamu anga, achemwali ake a malemuwo, opanda kanthu kalikonse kochokera kwa mayi ake. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikamva njinga yamoto mumsewu, ndimathamangira pazenera. M'kalasi ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndayamba. Mwana akachedwa pang'ono kwa alamu, ndinkapita kukamutenga ndikuthamanga, ngati iyenso angagulitsidwe pamodzi ndi njerwazo.

Ndalama ndinalibe mpaka mwezi utatha. Malipiro atalowa, ndinapempha tsiku kusukulu n'kukwera minibasi ya ku Balaka. Ndinakakwerera patali, kupitirira siteji yathu, kuti asandione. Chimene sindinaganize n'chimene mwana aliyense wa ku Penshoni amadziwa: kuti masiku amene aphunzitsi amalandira ndi omwewonso akuluakulu aja amatsikira kutauni kukatapa penshoni.

Mu ofesi ya khonsolo munalibe mzere. Kalaliki anatsegula buku lalikulu.

"Dzina la mwini nyumba?"

Ndinatchula dzina la mwana wanga.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Ali ndi zaka zinayi."

Anakweza maso. "Achimwene, mukudziwa kuti risiti si chikalata cha malo?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino." Analemba, n'kudinda. "Ku Penshoni ndinu woyamba. Akudziwa anzanu?"

Ndinapinda risitiyo, pepala lachikasu, n'kuiika m'thumba la malaya. Ndinali nditavala malaya oyera a kuntchito.

Ndisanafike kudepoti ndinamva hutala. Anali ahedi, pikiapu yomwe ija, kumbuyo kuli matumba awiri a simenti.

"Aphunzitsi, mwasowa chiyani kuno tsiku la sukulu? Kwerani, musawononge ndalama."

Ndinakwera kutsogolo. Anandifunsa za mwana, ngati akudya, ngati akufunsabe za amayi ake. Anandiuza kuti akazi awo asunga mazira oti ndikatenge. Titatuluka m'tauni ndinaona maso awo akubwerera kawiri pachifuwa panga. Chikasu chija chinkaonekera kunja kwa nsalu, ndi chidindo chomwe.

"M'thumbamo muli chiyani, mwana wanga?"

Ndikanatha kunama kuti ndi pepala la kuchipatala. Ndinaitulutsa n'kuwapatsa. Anaimika galimoto pambali, anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kundibwezera.

"Kalata ija munalemba ndinu."

"Ndine."

"Chingerezi chake chinali chabwino kwambiri," anatero, n'kuliza galimoto.

Ndinkafuna kuwauza za mapazi amene ndinaona akuwerengedwa, koma wowerengayo anali mnzawo wa pakhonde. Ananditsitsa pakhomo penipeni. Mazira aja sindinakatenge.

Pofika mawa lake mumsewu monse anali atamva. Palibe anandinyoza. Anthu akuluakulu amene anagwira ntchito m'boma sanyoza, amangokudutsa. Ndinkapereka moni, iwo n'kumayang'ana mafoni awo. Alamu atapita kumjigo anauzidwa kuti makiyi asowa, pamene ena anali atangotunga kumene. Namwino uja yekha anandiyankha moni, koma motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinayamba kuopa zinthu zimene mwina sizikanachitika n'komwe: kuti alembera akuluakulu a zamaphunziro andisamutsire kutali, kuti wina aponya mwala padenga mwana ali m'nyumba. Risiti ndinaikulunga m'pulasitiki n'kumayenda nayo m'sokosi.

Tsiku la arobaini linafika. Anaphika mpunga, ashehe anawerenga, anthu anadya n'kubalalika. Masana abale anakhala pamkeka kuseri, pansi pa mango. Amalume anga anabwera kuchokera kwa Kawinga kudzandilandira. Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Akamwini," anayamba amjomba, "mwakhala nafe bwino zaka zisanu ndi chimodzi. Sitinamvepo kuti mwakweza dzanja. Koma mwalemba mwana wathu m'buku la boma osatifunsa. Mwanayu ndi wanu kapena ndi wathu?"

"Ndi wanu, amjomba."

"Nanga?"

"Ndinalakwa kusafunsa."

"Mukanafunsa tikanakana."

"Ndi chifukwa chake sindinafunse."

Amalume anga ananditsina pantchafu. Kenako amjomba ananena mawu ondimasula: kuti ndine mfulu, ndingathe kubwerera kwathu, ndingathe kukwatira, mwana ndizidzamuona. Anandipatsa njinga yanga, mabuku, sutikesi ndi matiresi. Makina osokera anapita kwa alamu.

Za nyumba sananene kanthu, ndipo alamu ndi amene anafunsa. Amjomba anapukuta kumaso ndi chipewa chawo.

"Bwana wapolisi uja wabweza mawu, sagulanso," anatero. "Akuti nyumba yolowa m'buku iye iyayi. Akuti agule msonkho ndi ndalama zake? Ndayenda mageti asanu. Aliyense akuti akagula, anzake amuyesa kuti walembetsa mwakabisira. Mwaiwononga nyumbayi, akamwini. Panopa palibe angaifune."

Anagamula kuti alamu asamukiremo ndi mwanayo, poti nyumba yopanda munthu imagwa, ndipo msonkhowo ndizilipira ine amene ndinauyamba. Ndinavomera msanga kuposa mmene ulemu umafunira.

Choncho pepala lija silinateteze kanthu mwa lamulo, monga ndinkamuuzira mkazi wanga. Chimene chinateteza nyumbayo ndi mkwiyo wa anthu omwe ndinawalembera kalata.

Pano ndimachita lendi chipinda chimodzi pa Ulongwe, kuseri kwa mashedi ogulira chimanga. Mwana ndimamuona Loweruka. Wayamba sukulu, ndipo amagona m'chipinda chomwe chinali chathu. Mango akapsa alamu amanditumizira m'jumbo. Chaka chilichonse ndimapita ku Balaka kukalipira, pakati pa mwezi, nditavala malaya akuda. Ahedi timakumana pamsika. Amagwedeza mutu pang'ono, ndipo ine ndimaona kuti ndi zambiri.

Mantha sanathe. Chaka chatha kunabwera galimoto yopala msewu, n'kusalaza kuyambira patala mpaka pakhwawa. Namwino uja anakalembetsa poyera, ena angapo anamutsatira. Pakhonde la ahedi akuti tsopano amakangana zenizeni, ena akuti tilipire tione, ena akuti msewu wopala ndi nyambo chabe. Tsiku limene onse adzalowe m'buku, nyumba ya mwana wanga idzakhala ngati ina iliyonse, yogulika, ndipo amjomba minda yatha. Ine amene ndinalipira woyamba ndimadzipeza ndikupempha mumtima kuti wapolisi uja asafooke, akanebe, mpaka mwanayo akule adzathe kudzilankhulira yekha pamkeka.

Loweruka lija, tikumunyamula mkazi wanga kupita kupikiapu, ahedi anali atatsogola kukatsegula chitseko. Thupi lake linkatentha kudutsa chitenje. Ndinaganiza kuti sakudziwanso kumene ali. Koma tikudutsa pa mango wa pakhomo anandikoka kolala kuti ndiweramire pafupi, ndipo analankhula motsitsa kuti ahedi asamve.

"Abambo ake, mupite Lolemba. Musawadikire akuluakuluwo. Iwo ana awo anakula kale."