Chithunzi cha Mayi a ku Benga

Ofesi yathu inali kachipinda kosungiramo mabuku a nyimbo kuseri kwa tchalitchi, kuno ku Nkhotakota. Ndikati ofesi musaganize zambiri ayi: tebulo limodzi, benchi yobwereka, ndi fungo la mileme. Tinalimo awiri, ine mphunzitsi wopuma ntchito, ndi achikulire ena amene anakalambira pa ukalaliki wa kukhoti. Lachiwiri ndi Lachisanu anthu ankabwera ndi nkhani za malo, za chuma cha masiye, za kuchotsedwa ntchito. Achikulirewo ankawafotokozera zimene lamulo likunena, ine ndinkalemba makalata. Masiku amenewo ndimawasowa, ndisaname.

Chaka china ansembe anatiuza kuti kachipindako kagwetsedwa pokulitsa tchalitchi. Tinalibe kolowera. M'pamene tinamva kuti bungwe lina lachifundo la kunja likuthandiza magulu ophunzitsa anthu malamulo. Tikapeza thandizolo tichita lendi chipinda pa boma. Tikalephera, ofesi yatha basi.

Fomu yake inali yokhuthala ngati buku la mapemphero. Cholinga chanu n'chiyani? Masomphenya anu ndi otani? Achikulire anavula magalasi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine masomphenya ndimadziwa a m'Baibulo okha. Lembani inuyo, Chingerezi ndi chanu." Tinalimbana nayo milungu itatu. Tsamba lomaliza linkafuna nkhani ya munthu mmodzi amene tinamuthandiza, pamodzi ndi chithunzi chake.

Apo sitinakangane. Tonse tinaganizira mayi ena amasiye a ku Benga. Amuna awo ankadula mzimbe ku Dwangwa, ndipo atamwalira, alamu awo anabwera kudzatseka nyumba ndi loko wawo. Mayiwo ndi ana atatu anagona m'khitchini ya panja dzinja lonse. Achikulire anayenda nawo mpaka kukhoti, nyumba n'kubwerera.

Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito m'mabungwe anandinong'oneza kuti, "Anthu amenewa amatsegula chikwama akaona nsanza. Utumize chithunzi chomvetsa chisoni." Ine malangizowo ndinangomeza osatafuna.

Tinakwera minibasi ya ku Benga, ine foni yobwereka ili m'manja. Tinawapeza mayiwo atasesa bwalo lonse, atavala yunifolomu ya amayi a mumpingo: bulauzi yoyera yosita bwino, siketi ya buluu, duku kumutu. Nkhope ili phuliphuli ndi mafuta.

"Mayi, mwatchena ndithu," ndinatero, "koma bwanji muvale zimene mumapita nazo kumunda? Ndiye mukhale pansi m'khitchinimo, osamwetulira."

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mlandu uja ndinaluza?"

"Ayi, munawina."

"Nanga m'khitchinimo ndikataninso? Alamu anga anandiika mmenemo, inu n'kundichotsamo. Lero mwabwera ndinu kudzandibwezeramo?"

Ndinayang'ana achikulire kuti andithandize, iwo ali kalikiliki kupukuta magalasi oyera kale. Atamaliza anati, "Aphunzitsi, zaka zanga zonse kukhoti sindinalembepo umboni wabodza. Jambulani zimene zilipo."

Ndinajambula uku ndikung'ung'udza. Mayi anaima pakhomo la nyumba yawo, makiyi ali m'manja, akumwetulira mano onse pamtunda. Pobwerera sindinawayankhule achikulire mpaka tinatsika pa boma. Tinatsukitsa zithunzi ziwiri. China tinatumiza pamodzi ndi fomu, china tinawapatsa eni ake.

Yankho linachedwa, ndipo linali lalifupi: zikomo, koma opempha anachuluka. Kaya chinatigwetsa ndi chithunzicho, kaya Chingerezi changa, sindidziwa mpaka lero. Kachipinda kaja kanagwetsedwa. Kwa kanthawi tinkakumana ndi anthu pakhonde la achikulire, koma miyendo yawo itayamba kutupa, ntchito inathera pomwepo. Mayi a ku Benga aja ndinawasungira kamkwiyo zaka zingapo, ndikuvomera. Ndikadutsa pa boma n'kuona chipinda chimene tinkafuna kuchita lendi, chomwe tsopano amagulitsiramo mafoni, ndinkati mumtima, bulauzi ija ndiyo inatidyera ofesi.

Chaka chatha ndinamva uthenga wa maliro a mayi aja, ndipo ndinapita. Nyumba ija ilipobe, anawonjezerako khonde. Nditalowa m'siwa ndinaona chithunzi chija chili pamwamba pa bokosi, m'felemu ya galasi, bulauzi ikuwalabe. Mwana wawo wamkazi, amene tsopano ali ndi ana akeake, anandizindikira n'kudzagwada pambali panga.

"Aphunzitsi, munajambula chija ndinu eti? Cha amayi chimene tatsala nacho n'chokhachi. Za m'foni zinapita ndi mafoni ake. Ankachipukuta Loweruka lililonse, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa makiyiwo."

Ndinangogwedeza mutu. Amayi a mumpingo anali kuimba, ine maso ali pabokosi, ndikuona m'maganizo chithunzi china, chimene ndinakwerera minibasi tsiku lija: mayi atakhala pansi m'khitchini, atavala nsanza. Akanandimvera, ana awo akanawaika m'manda ndi chimenecho, ndipo wojambula wake ndikanakhala ine.