Ngatu ya Mayi Akesa

Inu amene mukuti zanu zada bii, tamvani za Siulolo, mwana wa kwathu ku 'Eua, chilumba cha dziko la Tonga.

Maliro a mayi ake anawaonera pa foni, atakhala pamasitepe a koleji ku Brisbane, m'dziko la Australia. Anaona thupi la mayi akewo, mayi Akesa, likukulungidwa m'bulangete la m'sitolo, la maluwa ofiira. Kwathu munthu amapita atakulungidwa mu ngatu, nsalu ya khungwa la mtengo imene amayi amapuntha ndi kulemba ndi manja awo. Ine ndinalipo pamalirowo, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Oyandikana nawo anabwera ndi ngatu zawo kuti athandize, koma azakhali a malemuwo, amene mawu awo sabwezedwa pamaliro, anakaniza.

"Yake anagulitsa yekha, apite choncho," anatero. Kenako anaweramira pa foni ija. "Iwe wa ku Australia, ukuona? Sukulu yako ija ndi imeneyi."

Zoona, ngatu inagulitsidwa chifukwa cha Siulolo. Mtsikanayu anafunsira malo a unamwino katatu. Kawiri konse anagwa mayeso a Chingerezi. Kachitatu kalata inabwera yoti amutenga, koma mlendo amalipira fizi yokwera kuposa eni dziko, ndiponso amalipiriratu ya theka la chaka asanapatsidwe viza. Anamupatsa mwezi umodzi woti alipire. Bambo ake anali atamwalira kalekale, ndipo m'nyumbamo munalibe choti n'kugulitsa, kupatula chimene chinali pansi pa matiresi.

Pamenepo ndi pomwe mayi Akesa ankasunga ngatu yawo. Anaipanga zaka khumi ndi chimodzi, kukonzekera tsiku lawo lomaliza. Anaitulutsa n'kuigulitsa kwa mayi Losaline, Mtonga mnzathu wokhala ku Brisbane, amene ankafuna yokwatitsira mwana wawo.

"Amayi, nanga tsiku lanu likadzafika?" anafunsa Siulolo akulira.

"Wakufa samva kuzizira. Pukuta mamina ukalipire."

Tsikulo linafika patangotha miyezi isanu ndi iwiri.

Maliro atatha Siulolo analongedza chikwama kuti asiye sukulu. Koma abwerere kwa yani? Ngakhale ya ndege analibe. Chikwamacho chinakhala pakhomo sabata yathunthu, kenako anachimasula yekha.

Musaganize kuti zinayamba kuyenda. M'mawa ankasambitsa okalamba kunyumba yowasungirako, masana kalasi, chakudya buledi ndi tiyi. Chaka chachiwiri anagwa phunziro limodzi, ndipo kubwereza kunali kulipiranso. Kutchalitchi cha Atonga ankakhala kumbuyo, chifukwa nkhani ya bulangete inali itawoloka nyanja. Anthu athu pa miseche sachedwa. Anaonda, anasiya kuseka, koma m'kalasi sanajombe.

Patatha zaka zinayi anamaliza. Pa tsiku lotere, kwathu abale amayala ngatu pansi kuti womaliza maphunziro ayendepo. Siulolo analibe womuyalira, choncho anatuluka mu holo atazyolika, satifiketi ili m'manja, akufuna kungothamangira basi.

Panja anapeza mayi Losaline atagwada pa kapinga, akutambasula nsalu yaitali. Pakona pake panali chidindo cha kadzanja. Siulolo anachizindikira. Anachidinda yekha ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ataviika dzanja mu utoto, ndipo mayi ake anamukwapula koma sanachifufute.

"Za bulangete zija ndinazimva," anatero mayi Losaline. "Chiyambire sindigona bwino. Yenda, mwanawe. Ndi yako."

Siulolo anavula nsapato, koma kupondapo kunamukanika. Anagwada, naika dzanja lake pa kadzanja kaja, n'kulira mokweza ngati kuti maliro achitika tsiku lomwelo.

Lero ndi namwino. Pa tchuthi chake choyamba anabwera ku 'Eua ndi ngatu ija, nafunditsa nayo manda a mayi ake, azakhali aja akuona.

"Amayi, ndachedwa," anatero. "Fundani."

Sindikunamizani kuti kulimbikira kumabweza zonse. Mayi Akesa anapita m'bulangete, ndipo palibe satifiketi ingasinthe zimenezo. Koma Siulolo akanasiya, akanataya mayi, ngatu ndi sukulu yomwe. Ndiye inu amene chikwama chili kale pakhomo, chimasuleni. Musataye mtima: alipo wina amene anavomera kugona pozizira kuti inu mukafike.