Mapesi a Nankhoma ndi Mbewa za Alamu Awo

Mpani umodzi wa mbewa zisanu ndimagulitsa K2,000 pamsewu wa ku Madisi, ndipo m'chilimwe mipani makumi atatu imatha dzuwa lisanapendeke. Mbewa zambiri ndimapikula kwa bambo Alexio Kwenda, amene amakhala kumtunda kwa Malomo, kuja njinga umachita kuikankha. Mayi Hana Nankhoma ndinawadziwira komweko, chifukwa ndikafika, a Kwenda ankayamba kaye adandaula za mayiwo asanatulutse dengu.

A Nankhoma anabadwira ku Dzoole. Kuphiri kuno anabwera pa chitengwa, atakwatiwa ndi a Samueli, achimwene awo a bambo Alexio. Zaka zonse za ukwati wawo ankalima fodya. Amuna awo atamwalira, fodyayo anamusiya, poti wothamangira mabelo panalibe. Ana awo aakazi awiri ali pabanja, mmodzi ku Dowa, wina ku Kasungu. Iwo anatsala ndi munda umodzi wotsetsereka, wochita malire ndi wa alamu awo. Pakati pa minda iwiriyi pali mzere wa khonje umene apongozi awo anabzala pogawa malowo.

Mundawo unali utaguga. Mvula ikagwa, madzi ankadula mizere n'kutsikira nayo kudambo, kumtunda kukutsala miyala. Chaka china, akuchokera ku msonkhano wa Chigwirizano cha amayi, anaona munda wa mayi wina utakutidwa mapesi ngati aufunditsa bulangete. Anaima, anafunsa, anapitakonso kachiwiri. Umu ndi momwe anayambira ulimi wa mtayakhasu: sugalauza, supanga mizere. Ukakolola umayala mapesi pansi, mvula ikadza umangoboola timaenje n'kubzala. Mapesiwo amagwira dothi kuti lisakokoloke, ndipo akamaola amabwezera chonde.

Koma kwathu kuno munda ndi wa mwini wake kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga chitalowa m'nyumba. Zikatero ndi wa aliyense. Mbuzi zimamasulidwa, njira zachidule zimatseguka, osaka mbewa amakumba paliponse, ndipo ambiri amayamba atentha kuti mauna aoneke. Palibe amene amapempha chilolezo. A Nankhoma, poyala mapesi, anatseka munda pa nthawi imene minda yonse imakhala yotseguka. Kuwonjezera apo, mbewa zimakonda mapesi. Munda wawo unasanduka mudzi wa kapuku ndi mende, ndipo wosaka aliyense m'phirimo anaudziwa.

Chaka choyamba analimbana ndi mbuzi, anazunguliza minga. Chaka chachiwiri moto unalowa iwo ali ku maliro, n'kupsereza theka la munda. Woyatsa sanadziwike. Mvula itabwera, theka lopsalo linang'ambika zigwembe zatsopano, pamene theka linalo chimanga chake chinaima chobiriwira mpaka kumapeto kwa ng'amba ya mu Januwale. Kuyambira pamenepo a Nankhoma chilimwe sachokanso pakhomo. Mlandu sanapite nawo kulikonse. Iwo ndi mtengwa, mundawo ndi wa kuchimuna, ndipo mwambo wa chilimwe uli ku mbali ya wosaka. Kukangana ndi abale a mwamuna pabwalo n'kudzikumbutsa njira ya ku Dzoole.

Chaka chino, mu Ogasiti, ndinawapeza onse awiri pamalire. A Kwenda anali atapeza una kumbali yawo, akuulondola ndi khasu, ndipo unawo unalowera pansi pa khonje kupita kwa a Nankhoma. Pambali anali ataika kamphika koboola pansi, kodzaza ndowe zouma zofuka utsi, koti afukizire mbewazo. A Nankhoma anali ataima tsidya lawo, phazi limodzi ataponda pa mbuli, kabowo kobisika komwe mbewa zimathawira.

"Alamu, chotsani phazilo," anatero a Kwenda. "Una ndaupeza ndine. Komwe walowera, nane ndilowera komweko. Mwabadwa liti inu?"

"Una ndi wanu, sindikukana. Koma mphika wa motowo usadumphe khonje."

"Kamoto kameneka? Kosapsereza n'komwe ndevu zanga?"

"Ndevu zanuzo zikapsa zimera. Mapesi anga akapsa ndidya chiyani?"

"Mudzadya mbewa. Si mukuziweta inu? Mwazimangira nyumba, mwazifolerera. Kwatsala n'kuzitengera ku Sande sukulu."

A Nankhoma sanaseke, koma sanakwiyenso. Anawerama, anachotsa phazi, n'kuvundikira mbuliyo ndi chitenje chawo.

"Kumbani mpaka pakhonje," anatero. "Kuno ndigwira ndine."

A Kwenda anakumba akung'ung'udza. Khasu litafika pakhonje, mbewa zinathawira ku mbuli n'kukodwa m'chitenje. A Nankhoma anazipha imodzi imodzi, anazinyamula michira, n'kuzipereka pamwamba pa khonjelo.

"Tengani, ndi zanu. Ine mbewa sindizifuna. Chaka chatha zinandifukulira mbewu mpaka ndinabzala kawiri. Zonse zili m'mundamu ndakupatsani, inu nokha, wina aliyense ayi. Koma musakumbe, musafukize."

"Ndiye ndizigwira bwanji? Ndiziitana maina?"

"Ndi ndowa."

Msampha wa ndowa ndi wosavuta. Umakwirira ndowa mpaka mkamwa mwake mufanane ndi nthaka, n'kuthiramo madzi theka. Pamwamba umapingasa waya wolowetsa m'kabango kozungulira, kopaka nsinjiro. Mbewa ikakwera pa bangolo, limatembenuka, iyo n'kugwera m'madzi. A Kwenda anati amenewo ndi masewera a anthu oopa matuza, munthu wamkulu amasaka ndi khasu. Anachoka osatsanzika, mbewa zawo zili m'manja.

Patapita masiku anabwereka ndowa ya akazi awo. Sanauze munthu, koma a Nankhoma anaiona m'mawa itakwiriridwa pakati pa mapesi. Nditabweranso, dengu la a Kwenda linali lodzaza, mbewa zake zosatemeka ndi khasu, zosawauka ndi moto. Zoterozo pamsewu zimayamba kutha ndi zomwezo. Posakhalitsa ndowa zinakwana zinayi, ina mwa izo ya a Nankhoma eni ake.

Kuyambira pamenepo mundawo unapeza mlonda. Osaka ochokera kuseri kwa phiri atafika ndi agalu ndi machesi, anakumana ndi a Kwenda atakhala pachulu, chibonga chili pamwendo.

"Muno muli mwini," anawauza. "Pitani mukawotche kwa amalume anu."

"Kodi a Kwenda, mwalowa chokolo?" mmodzi anafunsa, anzake n'kuseka.

"Ndalowa mbewa. Dutsani, agalu anuwo akundinunkhizira ndowa."

Chimene ndowa sizinasinthe ndi munda wa a Kwenda eni ake. Iwo chaka chilichonse amautentha asanayambe kugalauza, monga ankachitira bambo awo. A Nankhoma anawapempha kuti chaka chino asatenthe. Anakana. Anawapempha kuti alambule kanjira kumbali yawo kuti moto ukaimire pomwepo. Anakananso, ati munda wawo ndi wawo, woopa moto ndiye alambule. A Nankhoma anatenga khasu lomwe analitaya lija, anakokera mapesi awo m'kati, n'kusiya dothi lambee kutsata khonje lonse, kuchokera kumtunda mpaka kudambo. Chimene a Kwenda anavomera ndi chimodzi chokha: kuti adzayatsa m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo adzawaitana.

Anawaitanadi. Linali tsiku lomwe ndimakatenga mbewa, motero ndinaliponso. A Nankhoma anabwera ndi nthambi zaziwisi za mango, anandipatsako imodzi. Moto unayamba bwino, ukuyenda pang'onopang'ono kutsikira kudambo. Utafika pamulu wa mapesi omwe a Kwenda anaunjika pafupi ndi malire, unakwera m'mwamba. Nthawi yomweyo kunadza kamvulumvulu wa mu Okutobala, ananyamula makoko oyaka n'kuwaponya tsidya lina, kupitirira kanjira kolambula kaja.

Mapesi ouma sachedwa. Tinathamangira komweko tonse atatu. A Nankhoma ankamenya ndi nthambi. A Kwenda anazula ndowa zawo zokwirira zija n'kukhuthulira pamoto madzi ndi mbewa zomwe. Madzi atatha anatenga khasu n'kudula mapesi kutsogolo kwa moto, akukokera uku ndi uku, buluku likufuka kumiyendo. Motowo unakaima pamenepo. Gawo la kumtunda, pamene pamatsetsereka kwambiri, linali litapsa lonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a munda.

A Nankhoma anayenda paphulusapo, anatola dothi, analifikisa m'manja. Pamenepo m'pamene madzi amayambira liwiro, ndipo mvula sinali kutali. Akapanda kuphimbapo, zigwembe zidzayambira pomwepo n'kudula ngakhale kumunsi komwe kwapulumuka. Mapesi ena oti n'kuyalapo panalibe, mudzi wonse unali utatentha kale.

A Kwenda anakhala pansi, akuyang'ana phazi lawo lomwe linatuluka thuza. Sanapepese. Sindinawamvepo akupepesa munthu.

"Mulu uja ndinauika pafupi," anatero, akuyang'anabe phazi.

"Ndinauona."

"Bwanji simunanene?"

"Munda wanu ndi wanu, alamu. Munatero."

A Kwenda anatsokomola utsi. Kenaka analoza ndi mlomo kuseri kwa phiri.

"Kukhwawa la kwa a Chikhumbo udzu ulipo, moto sunafikeko. Wautali, wofika m'khosi. Udzu sungagwire dothi?"

"Umagwira. Koma mitolo yake ndi yambiri, ndipo khosi langa ndi limodzi."

"Ndani wanena za khosi lanu? Ine ndikufunsira mbewa zanga. Zigona pati pambalambanda pamenepa?"

"Ndiye chaka chamawa mudzatenthanso?"

"Za chaka chamawa muzifunse chaka chamawa."

A Nankhoma anawapatsa nthambi yawo kuti atsamire poyenda, iwo n'kutsalira akutolera ndowa. Madzulo ake anakapempha udzuwo kwa a Chikhumbo, eni khwawalo, ndipo anawalola, bola amwete msanga osaka ena asanalitenthe.

A Nankhoma ali ndi chikwakwa chimodzi chobuntha, a Kwenda alibe. Loweruka ndikagula zikwakwa ziwiri ku Madisi n'kukwera nazo. Lolemba awiriwo ayamba kumweta, ine ndizituta mitolo panjinga mpaka pakhonje, ndipo kuyala tiyambira kumtunda.