Mtolo wa Zikwakwa

Unali mtolo wa zikwakwa, womangidwa ndi luzi, wopachikidwa pa mtanda wa denga la nyumba yathu. Ndikagona chagada ndinkauona uli lende pamwamba panga, mipini itada ndi thukuta la eni ake, ndipo mphepo ikalowa zitsulozo zinkagundana ngati mano a munthu wozizidwa.

Pakati pa mtsinje wa Lirangwe, kumunsi kwa mudzi wathu, panali kachilumba. Sikanali kakakulu: mikuyu iwiri, bango lowirira m'mbali monse, tsekera pakati, ndi zisa za atchete zolendewera ngati zipatso. Eni ake tinali tonse, ndipo pa msinkhu wanga uno ndaona kuti cha tonse sichichedwa kusanduka chopanda mwini. Mphasa zathu, madenga athu ndi mipanda ya mabafa zinkachokera kumeneko.

Mwambo unali wotere. Mvula yoyamba ikagwa, banja lililonse linkapereka chikwakwa chake, zonse n'kumangidwa pamodzi, n'kusungidwa pakhomo limodzi mosinthana chaka ndi chaka. Mtolowo sunkamasulidwa mpaka madzi ataphwa, ana a atchete atauluka, bango litakhwima. Pamenepo tinkawoloka tonse tsiku limodzi, kudula la pakati, kusiya la m'mphepete kuti ligwire dothi. Adzukulu anga amandifunsa kuti nanga zikwanje kunalibe? Zinalipo. Koma munthu wolowera kumtsinje ndi chikwanje, zikwakwa zili kudenga, ankakhala kuti wadziulula yekha.

Chaka chimene ndikunenachi osunga anali amayi. Chinali chaka chotivuta. Bambo anali ku ntchito ku Blantyre, denga linkadontha paliponse, mphasa itatha, ndipo ife ana tinkagona titapinda miyendo kuthawa madontho.

Amalume anabwera chimanga chikuyamba kuuma. Anali mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba, munthu amene amayi ankamugwadira popereka madzi. Anali atagwirizana ndi munthu wina wa ku Chileka amene ankafuna bango lambiri la mpanda wa malo ake odyera, ndipo ankalifuna msanga. "Chemwali, ndipatseni changa chokha," anatero. "Ndikadula pang'ono cha kuseri, palibe amene adzaone."

Ngakhale ndinali mwana ndinkadziwa kuti amayi sangawakanize. Ndinkadziwanso za kachilumba kena ka kumtunda, kumene mmodzi anayamba, ena onse n'kuthamangira kuti asatsale, mvula yotsatira n'kukokolola zonse. Pamalopo panatsala mchenga ndi miyala basi. Kathu kakanapita chimodzimodzi, ndipo anthu akanati zinayambira pakhomo pa amayi.

Amayi sanakane. Anakwera pa mtondo, n'kutsitsa mtolo wonse, n'kuukhazika pamapazi pa amalume pabwalo, dzuwa lili pamutu. "Tengani, achimwene. Koma paja womasula ndiye wogawa. Aliyense mukam'patse chake pakhomo pake."

Analidi mawu a mwambo, kungoti ankanenedwa tsiku lodula, anthu akuseka. Amalume anawerama n'kugwira luzi. Ndikukumbukira fungo la dzimbiri, ntchentche paphewa pawo, ndege ikutsika cha ku Chileka. M'njira munkadutsa amwalimu a ku madrasa, amene chikwakwa chawo chinali ndi kansalu kobiriwira pampini. Anaima, anayang'ana mtolo, n'kufunsa mofatsa ngati atchete auluka kale chaka chino, pakuti iwo sanamve. Yankho sanalidikire.

Amalume analisiya luzi lija. Kenaka ananyamula okha mtolowo n'kukaupachika pamalo pake. Anachoka madzi osamwa, ndipo panapita miyezi asanapondenso pakhomo pathu. Amayi anakhala pansi pakhonde, kenaka n'kundikalipira kuti nkhuku zikutha mphale ine ndili chiimire.

Tinawoloka nyengo yachisanu, mudzi wonse, madzi akulekeza m'mawondo, ozizira mpaka m'mafupa. Bango linali lathunthu, zisa zopanda kanthu. Amalume analipo. Anadula gawo lawo, n'kutisenzera tsekera, ndipo denga lathu linafoleredwa. Kachilumbako kalipo mpaka lero, ndipo aliyense wobwera pa galimoto kudzakayamikira ndimamuperekeza ndi maso mpaka atakhota.

Tsiku lomasula lija ndinaona kuti chikwakwa cha amayi chinali pakati penipeni pa mtolo, chomangidwa kawiri ndi luzi lakelake. Nditawafunsa anati mpini wake unkagwedera, ine n'kukhulupirira. Ndinkayesa kuti amayi ankalonda mtolowo poopa amalume ndi anthu ena. Sindinkadziwa kuti mvula ikamadonthera ana awo, nawonso ankagona chagada akuuyang'ana.