Akufa a m'Buku la Bambo

Dzulo, ndikupukuta fumbi la malasha m'nyumba mwanga ku Moatize, ndinapeza buku la Chilatini la malemu bambo, likununkhabe utsi.

Nkhondo itatha, ine ndili mwana, tinabwerera kwathu ku Zóbuè. Bambo, omwe anaphunzirapo ku seminale, ankalakatula ndakatulo yaitali ya m'bukumo uku akulima. Akafika pa mayina a ankhondo ophedwa, mawu awo ankanjenjemera, ndiye ine ndinkayesa ndi abale athu. Tsiku lokumbukira akufa ndinakawatchula onse kwa akatekisiti kuti awapempherere.

Akatekisiti anabwera kwathu atakwiya. "Amenewa ndi akunja a m'nthano!"

"Apempherereni basi," anatero bambo. "Nawonso mudzi wawo unatenthedwa."

Ndazindikira ndili wamkulu kuti bambo ankatchula alendowo chifukwa mayina a abale awo enieni ophedwa pa nkhondo ankawatsamwitsa.