Sikelo ya Mpunga pa Mpamba

Sikelo ija inali ndi mbedza yadzimbiri, ndipo inkalendewera pa nthambi ya mango pa Mpamba, pomwe ogula mpunga ankadikirira alimi a ku Limphasa. Inali ya matumba, koma chaka chimenecho, Loweruka lililonse, inkayezanso bambo anga.

Kwathu ndi ku Thyolo. Bambo anabwera kunyanja kudzacheka makungwa a mitengo ya labala pa esiteti, ndipo nyumba yomwe tinkagonamo inali ya kampani. Atadwala chifuwa chachikulu m'dzinja, anatsala mafupa okhaokha. Kapitawo ananena ali chiimire pakhomo kuti pakutha pa Ogasiti akhale atabwerera pa kulemera kolembedwa m'buku lawo la kuchipatala, komanso azitha kunyamula zidebe za utomoni. Apo ayi, nyumba ipatsidwa kwa wina. Amayi anangomva mbali yoyambayo.

Anayamba nkhondo yonenepetsa mwamuna wawo. Batala, nsomba yamafuta okhaokha ija, phala lansinjiro, mapeyala, tiyi wa shuga wochita kumata milomo. Ife ana tinkangonyambita mbale. Bambo akati agwire khasu, amayi ankalanda. "Khalani pansi, mutaya thupi." Lero sindiwadzudzula. Kwathu kunenepa ndiye kuchira, ndipo anansi athu achitonga ankawatama kumjigo kuti amadziwa kusamala wodwala.

Thupi linabweradi. Masaya anadzaza, mimba inakankha lamba. Koma sikelo inkakana. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 4, wodziwa manambala kuposa onse m'nyumba, choncho ndinkapita ndi bambo kusikeloko. Bambo ankagwira mbedza ndi manja awiri n'kupinda miyendo, mutu uli pansi pa sikelo, moti muvi sankauona. Wowerenga ndinali ine. Muviwo unkanjenjemera n'kuima patali ndi nambala ya m'buku. Loweruka ndinkaliopa kuyambira Lachinayi.

Tsiku lina tinakumana ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene anakwatira ku Tukombo n'kukhala wopalasa bwato la asodzi. Anali owonda ngati nsungwi, msinkhu umodzi ndi bambo. Analendewera nawo mongocheza, ndipo muvi unapitirira kwambiri pomwe unaima poyeza bambo. Ogula mpunga anaseka. Amalume sanaseke.

Anatiperekeza mpaka kunyumba, napeza amayi akuwiritsa nyama ya mbuzi. Anavundukula mphika. "Achemwali, taonani. Mafuta ayandama, mnofu wamira. Chibakera cha mnofu chimalemera kuposa chibakera cha mafuta. Chomwe matenda anadya mwa alamu ndi mnofu, ndipo subwera munthu ali pampando. Alekeni ayende, azitunga madzi."

Amayi anati msodzi sadziwa za odwala. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira ndi utsi komanso kusagona. "Sikelo yati bwanji lero?"

Ndinawonjezera makilo atatu. Amayi anamwetulira koyamba chiyambire matenda aja, ndipo mawu a amalume anathera pomwepo. Sabata yotsatira ndinawonjezeranso. Bodza likangoyamba limafuna kudyetsedwa, ndipo langa linkanenepa msanga kuposa bambo. Pakati pa Ogasiti, pakamwa panga bambo anali atafika pa nambala ya m'buku, amayi n'kukathokoza kutchalitchi. Ine ndinkadya osamva kukoma.

Tsiku loyesedwa ndinabisala kuseri kwa mtengo wa labala, fungo lowawasa la utomoni likundiwawa m'mphuno. Bambo atakwera sikelo ya kuchipatala cha esiteti, kapitawo anayang'ana muvi, napukusa mutu, komabe anawapatsa zidebe ziwiri zodzaza. Bambo anayenda mizere inayi ya mitengo. Pa wachisanu mawondo anagwedera, chidebe chinapendekeka, utomoni woyera n'kuyenderera pa masamba ouma. Anaima pamenepo, munthu wooneka wathanzi kuposa onse anali pamzere, akupuma ngati wathamanga.

Tinasamukira kwa amalume sabata yomweyo. Tili pamwamba pa katundu m'lole, ndinkadikira kuti bambo andifunse za manambala aja pamaso pa amayi. Sanandifunse. Anangoika dzanja lawo lofewalo pamutu panga mpaka ku Tukombo, ine n'kumadziona ngati wakuba amene sanagwidwe.

Ndinkaganiza kuti bambonso ndinawapusitsa. Sindinkadziwa kuti munthu wolendewera pa mbedza safuna womuwerengera. Manja ofooka a bambo ankawauza zoona Loweruka lililonse, ndipo ine ndikamanama iwo ankakhala pomwepo, akuyang'ana amayi akumwetulira.