Papaya wa pamalire

Papaya uja anamera yekha pamalire a nyumba yathu ndi ya aneba ku Kapata, pomwe mabanja onse awiri tinkatayira madzi otsukira mbale. Palibe anamubzala. Koma atangofika m'chiuno, atate anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbewu yake anachoka nayo okha ku Kasenengwa. Aneba athu, bambo wachisilamu wogulitsa nsalu, nawonso anakumbukira kuti inachokera kwa amalume awo ku Malawi.

Anakangana mpaka nkhani inakafika kukhoti, ndipo atate analamula kuti wa m'nyumba mwathu asapondenso kwa aneba. Amene anavutika ndi amayi. Iwo ndi akazi a aneba anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo: kulukana tsitsi, kupatsana mchere, kupitira limodzi kumaliro. Tsopano ankayanika zovala mofulatirana. Zinkandiwawa kuona amayi akuyamba kuseka chinthu, n'kutembenukira kumpanda, kenako n'kukumbukira lamulo la atate.

Mlandu unkangoimitsidwa, papaya akukula. Jekete ya atate ya kutchalitchi inatopa ndi maulendo akukhoti, koma pomaliza anawina. Anabwera kunyumba akuyenda ngati munthu wagula basi. Pasanapite nthawi papaya anachita maluwa, aja olendewera pa timapesi titalititali. Anali wamwamuna.

Atate si munthu wogonja. Anamangirira chitsononkho pathunthu pake, monga amachitira kumudzi kuti papaya wamwamuna achite manyazi, abereke. Aneba, omwe miyezi yonseyo sanatipatseko moni, anayamba kuima pampanda m'mawa uliwonse popita kusitolo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Kodi apsa?"

"Akubwera," ankayankha atate, maso ali kumbali.

Loweruka lina atate analawirira kumsika, nabwera ndi papaya wamkulu wakupsa bwino. Anakwera pampando, namumangirira pamwamba pa mtengo ndi chingwe cha thumba la feteleza. Chingwecho chinkaoneka ngakhale uli kumsewu.

Aneba atatuluka anaima, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Mulungu ndi wamkulu, achimwene. Wabereka ndi chingwe chomwe."

Sanaseke ngakhale pang'ono. Analowa m'nyumba, nabwerako ndi mbale yachitsulo, naipereka pamwamba pa mpanda.

"Khoti linakupatsani mtengo, sindikana. Koma chipatsochi chalendewera mbali yanga."

Atate anatsegula pakamwa, ndipo ine mumtima ndinati basi, jekete ija yaonanso tsoka. Koma anangotsokomola, nakwera pampando, natsitsa papaya wawo. Anamudula pakati, nasinkhasinkha, naika m'mbale chibenthu chokulirapo. Pofika apo aneba anali atalowa kale m'nyumba. Atate anayang'ana uku ndi uku ngati akusowa womutuma, pomwe ana tonse tinali pomwepo.

"Amake mwana, kaperekeni mbale ya eni ake."

Amayi sanadikire n'kuvala patapata komwe. Tsiku limenelo chakudya chamasana tinadya dzuwa litapendeka, ndipo atate sanafunse chifukwa chake.